Tsiku Limene Chelo cha Mayi Msana Chinafuna Kuthawa

Dzina loti Mayi Msana sanabadwe nalo ayi. Anawapatsa ndi ana awo a kukoleji ya zoimbaimba, chifukwa ukangokhala pampando ndi chelo chako, usanakhudze n'chingwe chomwe, umangomva kumbuyoku: "Msana!" Basi, liwu limodzi. Iwe n'kuwongoka pompo ngati wina wakuthira madzi ozizira m'malaya. Pali azibambo a ndevu zawo, ena akuimba m'magulu akuluakulu kutali uko, oti mpaka lero chitseko chikatseguka kumbuyo kwawo amawongoka osadziwa n'komwe.

Kwa inu amene simunachionepo, chelo chili ngati vayolini amene anadya bwino ali mwana. Sungachiike paphewa, ungathyoke. Umakhala pampando n'kuchikumbatira pakati pa mawondo, dzanja lamanzere likuyenda pa zingwe, lamanja likukoka uta. Pansi pake pali kamwendo kachitsulo kosongoka ngati msomali, ndipo chimphona chonsecho chimaima pa kamwendo kamodzi kameneko. Koma mawu ake, eee! Ngati munthu wamkulu akuimba chapansipansi m'chipinda china, iwe n'kusiya mbale uli mkati motsuka kuti umvetsere.

Mayi Msana chelo anakumana nacho mwangozi. Ali kamtsikana anachedwa tsiku logawa zoimbira kusukulu, chifukwa ankasambitsa mng'ono wawo yemwe ankathawa madzi ngati mphaka. Pofika, mavayolini onse atatha, zitoliro zatha, pakona patangotsala chinthu chafumbi, chingwe chimodzi chili lende. Aphunzitsi anangoyang'ana manja awo n'kuti, "Iwe zala zako n'zazitali ngati za wakuba. Tenga icho." Analira njira yonse yopita kunyumba. Koma tamvani izi: holide itakwana analiranso, ulendo uno chifukwa anawauza kuti chelocho chitsale kusukulu!

Kuyambira pamenepo kulikonse anali nacho kumsana. M'basi ndiye munali mavuto. Kondakitala wina ankati akawaona amakuwa, "Chemwali, malirowa akutsika pati?" Wina amati, "Gitala wanuyu watupa, mupite naye kuchipatala." Iwo maso pawindo, chelo chili pamiyendo ngati mwana wodwala.

Ndipo ndi chelo chomwecho chinawapezera mwamuna. Zipi ya chikwama chake itaphulika anapita nayo kwa telala wina wa pakona, mnyamata wamanyazi, tepi ili m'khosi, mapini ali kukamwa. Anaisoka. Sabata isanathe inaphulikanso. Anaisokanso. Inaphulikanso! A Telala mpaka lero amalumbira kuti zipi za nthawi imeneyo zinali zachabechabe, koma chodabwitsa n'chakuti chikwatirane zipi ija sinavutenso. Noti ya nyimbo sadziwa ngakhale imodzi, ndipo kukonsati amangowodzera, koma madiresi onse a konsati a akazi awo anasoka ndi iwo, otambalala bwino m'mawondo kuti chelo chizikwana.

Chipinda chawo chophunzitsira chinali pamwamba, kumapeto kwa khonde. Mipando iwiri, galasi lalitali loti uzidziona mmene wakhalira, zenera lomwe silinkatseka bwino, ndi fungo la utomoni wopaka pa uta. Pensulo inkakhala m'tsitsi, ndipo ankaifunafuna patebulo tsiku lililonse. Kuyamikira sankataya wamba. Ukaimba bwino kwambiri, koma kwambiri zedi, ankati, "Sizinandipweteke m'makutu," ndipo iwe umatsika masitepe ukuvina. Lamulo lawo lalikulu aliyense ankaliloweza chaka choyamba: "Muno ima mmene ungafunire, bwereza mpaka khoma litope. Koma pagulu, ukaiyamba nyimbo umakaifikitsa kwawo. Chingwe chiduke, magetsi azime, iwe pitiriza." Ndipo sankangonena pakamwa. Moyo wawo wonse sanaimepo pakati pa nyimbo anthu akuonera.

Kenako kunabwera nyamakazi. Inayamba ndi kachala kakang'ono ka kumanzere, n'kumasamukira kwa anzake ngati mlendo wosatsanzika. Mayi Msana sanauze munthu. Anangosiya kuimba pagulu mwakachetechete, nthawi n'kumapita, moti ana atsopano ankangowadziwa ngati mayi okalipa a pensulo m'tsitsi. Anali asanawamvepo pa siteji.

N'chifukwa chake atamva kuti koleji ikukonza konsati yowatsanzika popuma pantchito, anati nyimbo yomaliza aimba okha. Anasankha yakalekale, yoyenda pang'onopang'ono, koma yaitali, yokhala ndi malo ena chakumapeto pomwe chelo chimabangula. Ankafuna chinthu chimodzi chokha: kuiyamba ndi kuimaliza osaima, ana awo onse akuona.

A Telala ndiye tulo tinasowa. M'mawa uliwonse ankabweretsa beseni la madzi ofunda kuti akazi awo aviikemo zala, n'kuyamba kuzungulirazungulira.

"Mayi, bwanji mungokhala pansi anawo akuimbireni? Ntchito mwaigwira, ndani sakudziwa?"

"Bambo, inuyo tsiku lodzatseka shopu mudzavala malaya ogula?"

"Aaa, zimenezo ndi zina."

"N'zomwezo. Thirani madzi ena, awa azizira."

Tsopano pali kanthu koti mukadziwe. Siteji ya holo ya pakolejipo inali ya matabwa akale, ndipo oimba chelo akale ankangobaya kamwendo kaja m'thabwa kuti chelo chisaterereke. Mayi Msana anali ndi kabowo kawokawo, chapakati, kupendekera pang'ono kumanzere, kakuda, kosalala, koti ankakapeza osayang'ana pansi. Ana a masiku ano satero. Amayenda ndi kalamba, mbali ina amakoleka ku mwendo wa mpando, mbali inayo ili ndi kambale kolowetsamo msomali uja. Mayi Msana akakaona ankati, "Malamba ndi a mathalauza." Sanakhalepo nako.

Wokonza konsatiyo anali Liwiro, mmodzi wa ana awo oyambirira a pakolejipo, tsopano bambo wa dazi ndi kamimba, yemwe ndi amene ankalowa m'malo mwawo. Dzinalo analitenga chifukwa nyimbo iliyonse ankaithamangitsa ngati basi ikumusiya. Liwiro Mayi ake ankawakonda koopsa, ndipo apa ndi pomwe chikondi chinalakwitsa zinthu. Iye ndi akuluakulu a koleji anagwirizana kuti mphatso yabwino ndi kukonza holo yonse. Penti watsopano, makatani atsopano, ndipo siteji anaipala yonse, kutseka timabowo tonse, n'kuipaka vanishi wonyezimira. Zonsezi mwachinsinsi! Mayi akafuna kukayeserera m'holo, Liwiro amati, "Muli mayeso, Mayi." Mawa lake, "Mukudontha, Mayi." Iwo ankadziwa kuti akunama, makutu ake amafiira akamanama, koma ankaganiza kuti mwina akupachika chithunzi chawo. Ndiye ankangoyeserera m'chipinda chawo ndi mtsikana woimba piyano, n'kumamwetulira chamumtima.

Tsiku linafika. Chakumadzulo dzuwa lisanalowe holo inali itadzaza, ena ataima m'mbali mwa khoma. Mayi Msana anakana kukhala kutsogolo. Anakhala m'kachipinda ka kuseri kwa siteji, manja ali m'kathumba ka madzi otentha, chitseko chili pang'ono potsegula. Ndipo aliyense wolowa pa siteji ankamudziwa ndi khutu lokha. "Uyo akupumirabe m'mphuno ngati akukwera phiri," ankadzinong'oneza. "Uyo ndi uja ankalira ndikamulanda uta. Tamumvani lero!" Mtima unali ukufufuma ngati buledi. Ana onsewa, mawu onsewa, anadutsa pa mipando iwiri ija. Ndipo aliyense akamaliza ankawerama, kutola kalamba kake monga mwa chizolowezi, n'kutuluka nako.

Kenako Liwiro anasuzumira. "Mayi, ndi inu."

Atangotulukira, holo yonse dzuu, kuimirira! M'manja, mluzu, wina kumbuyo kukuwa "Mayi athu!" A Telala ali pamzere woyamba, chipewa pabondo, akuyang'ana mpendero wa diresi ngati uli bwino. Mayi Msana anayang'ana pansi n'kudziona nkhope m'matabwa. Waliwali, ngati madzi! "Koma ana awa," anatero mumtima, misozi ili pafupi. Ndiye chinsinsi chija n'chimenechi!

Anakhala pampando, kukonza diresi, n'kutumiza kamwendo ka chelo kuti kakapeze kwawo.

Palibe.

Anakasunthira kumanzere. Palibe. Kutsogolo pang'ono. Go, go. Posalala ngati mbale yadothi yopaka. Anayesa kubaya ndi mphamvu, koma vanishi anali wolimba ngati galasi, ndipo kamsomali kawo kanali kobuntha kalekale, poti kankangokhala m'kabowo kake osanoledwa. Anadzutsa mutu kuti ayang'ane Liwiro, apemphe kalamba, inde kalamba ka mathalauza komweko. Koma mtsikana wa piyano uja, yemwe anali ndi mantha kuyambira m'mawa, ataona mutu wa Mayi waweramira pansi n'kudzuka anati ndi chizindikiro choti ayambe. Anayamba!

Nyimbo yayamba. Pagulu.

Mayi Msana anapuma kamodzi, kuika uta pa chingwe, n'kulowa.

Aaa, liwu loyambalo! Linatuluka pansi penipeni, lonenepa, lofunda, n'kudzaza holo mpaka kudenga. Ana a chaka choyamba aja anayang'anizana kukamwa kuli yasa. Kodi ndi mayi omwe aja a pensulo? Ndipo zala zinkamvera! Zopindika zomwezo, zotupa m'mfundo zomwezo, zinkagwera pamalo pake ngati zikubwerera kunyumba. Mayi Msana anamva kukoma mpaka kuiwala za pansi.

Khwee.

Chelo chinasuntha. Pang'ono chabe, ngati m'lifupi mwa chala. Anachipana ndi mawondo. Anakoka uta wautali, khwee, chinapitanso. Mukudziwa, chelo chikatsetsereka khosi lake limatsika paphewa, ndiye malo onse a zala amasintha, noti yomwe inali apa imapezeka ili apo. Anayamba kuzisaka ndi khutu, imodzi imodzi, osaphonya, uku ntchafu zikuyaka moto chifukwa chopana. Koma chelo chinali chitatsimikiza kuti chikupita kukakhala ndi anthu pamzere woyamba. Chikapita, iwo amachitsatira. Chikapitanso, amachitsatiranso. Ndipo msana, msana wa Mayi Msana, unayamba kupindika!

Anthu wamba sanaone kanthu. Ankangoti mayiwa nyimbo yawalowa. Koma oimba chelo onse m'holomo anali atasendera kumapeto kwa mipando, ena atagwira pakamwa. Pakona ya diso Mayi anaona chipewa cha a Telala chitasanduka chiguduli m'manja.

Maganizo anabwera, okoma ngati bedi: ima. Ungomwetulira, upemphe kalamba, anthu aseka pang'ono, uyambirenso. Ndani angakudzudzule? Koma iwo zala zawo ankazidziwa. Zinali zitatenthedwa kamodzi kokha, ndipo zikazizira sizidzukanso lero. Akaima apa ndiye kuti nyimbo yawo yomaliza yathera panjira, ana onse akuona. Ndipo malo obangula aja anali akubwera, pomwe uta umafuna mkono wonse. Pamenepo chelo chikanauluka ndithu.

Anakanikiza mano n'kupitiriza.

Ndiye anaona chinthu chakuda chikutuluka kuseri kwa katani, chapansipansi. Poyamba anati ndi galu. Kenako magetsi anawala pa dazi. Liwiro! Bambo wamkulu, pulofesa watsopano, ali m'suti yake yakuda, akukwawa ndi mawondo ndi zigongono! Ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire sankathamanga. Ankasuntha motsatira nyimbo, bondo limodzi piyano ikagunda, chigongono ikagundanso, kuti matabwa asalire. Kamwana kena pamzere wachitatu kanafunsa mokweza, "Amayi, bambowo akukonza chiyani?" n'kutsekedwa pakamwa.

Liwiro anafika, kugona chafufumimba pamapazi a Mayi ake, n'kugwira kamwendo kachitsulo kaja ndi manja onse awiri. Sanakankhe pompo, nyimboyo ankaidziwa. Anadikira pomwe chelo chimapuma kamphindi piyano ikuyankha, ndipo pamenepo anachibwezera m'mbuyo bwinobwino mpaka chinakhala pachifuwa pa Mayi ngati sichinachokepo.

Mayi Msana anamuyang'ana kamodzi, diso lija lomwe limatha kuumitsa kalasi yonse. Liwiro anangotsinzina, tsaya lili pa vanishi wake yemwe.

Anawongoka. Anakweza chigongono. Ndipo malo obangula aja atafika, eee, anawapatsa zonse! Uta unkayenda kuchokera kutsinde mpaka kunsonga, utomoni ukufuka ngati utsi m'kuwala kwa magetsi, chelo chili nji osasuntha, chikulira ngati chinasunga mawu amenewa nthawi yonse chinali chete ija. Kachala kakang'ono kanabaya ngati singano, iwo osakamvera. Bambo wina wamkulu thupi kumbuyo ankalira osabisa, mamina ndi misozi, mkazi wake akumupatsa mpango osamuyang'ana poti nayenso maso anali pa siteji. Kenako nyimbo inayamba kutsika, kutsika, ngati munthu wofika pakhomo akuvula nsapato. Noti yomaliza anaikoka yaitali, yopyapyala, mpaka uta unatha. Anausiya m'mwamba.

Zii.

Kenako holo inaphulika! Anthu kuponda pansi, kukuwa, ana a chaka choyamba kukwera pamipando, akuluakulu a koleji kuiwala kuwaletsa. Mtsikana wa piyano anali atagwetsa mutu pa piyano akulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Mayi Msana sanadzuke. Anayang'ana pansi.

"Liwiro."

"Mayi."

"Dzuka, anthu aziti ndakupha."

"Manja achita dzanzi, Mayi, akukana kutseguka. Pepani, Mayi, ndine ndinawauza kuti apale. Sindinaganize, ndithu sindinaganize..."

"Ukanaganiza ukanakhala mwana wa wina. Kunkamveka bwanji kumeneko?"

Liwiro anatembenuza nkhope, maso ali ofiira. "Mayi, nyimbo yonse imadutsa m'mafupa mwangamu. Mpaka m'mano! Bwanji simunatiuzepo kuti malo abwino omvera ndi pansi pano?"

"Ndikanakuuzani bwenzi nonse mukugona m'kalasi." Anayesa kusuntha phazi n'kuluma mlomo. "Iwe, usaseke. Inenso miyendo yakana."

Ndiye taganizani: anthu akuomba m'manja kuti Mayi aimirire awerame, Mayi ali pampando sangathe, pulofesa watsopano ali chafufumimba sangathe, onse awiri akugwedezeka ndi phwete! Anthu poona kuti sakudzuka anawonjezera kuomba.

Anawapulumutsa ndi a Telala. Anakwera masitepe a siteji pang'onopang'ono, chipewa chophwanyika chili kukhwapa, n'kuyamba kumasula zala za Liwiro pachitsulo chimodzi chimodzi ngati akusolola ulusi. Anatenga chelo n'kuchigoneka cham'mbali mosamala. Kenako anamuyang'ana Liwiro kuyambira kukolala mpaka m'mawondo.

"Mwana iwe, suti imeneyi ndinasoka ndine. Ndinakuuza kuti ndi yokolopera?"

"Pepani, bambo."

"Ubwere nayo Lolemba, mabatani awiri apita. Gwira mkono uwo."

Anawadzutsa, wina uku wina uku. Mayi Msana anaima, ndipo anakweza dzanja lamanzere m'mwamba, zala zopindika zija zili poyera, kuti aliyense azione. Phokoso lomwe linabuka pamenepo, ngakhale a m'misewu anaima.

Ali chiweramire choncho anapendekera kwa amuna awo.

"Bambo, ndaimaliza."

"Ndamva, Mayi," anatero a Telala, akupukuta m'maso ndi chipewa. "Yonse ndaimva. Lero sindinawodzere n'pang'ono pomwe."